Timabowo Titatu ta a Consolata

Ine ndi a Consolata tinakwatiwa ndi ana a mimba imodzi. Iwo anatengedwa ndi a Frazer, amene ndi aakulu, ine ndinatengedwa ndi mng'ono wawo, ndipo tonse tinabwera kuno ku Lisasadzi ngati atengwa. Amene sanakhalepo pachitengwa ndimuuze ndine Olive: mawondo a mtengwa ndi a mudzi wonse. Akabwera malume a mwamuna wako umagwada, akabwera achemwali ake umagwada, akadutsa mkulu wa mpingo umatsika pampando n'kukhala pansi. A Consolata anachita zimenezi kuyambira utsikana wawo mpaka imvi, osanyinyirika. Ngakhale pampando pawo pomwe ankakhala chakumapeto, msana osatsamira, ngati munthu amene akudikira kuitanidwa.

Anagwa chaka chatha nthawi yothyola fodya. Mvula inali itangokata, m'mizere muli poterera, iwo atasenza mtolo wa fodya kupita nawo kuchigafa. Mwendo wamanzere unalowera kwake, thupi kwake. Anadzuka, anatola fodya uja tsamba ndi tsamba, n'kukamutula pomwe ankasokera. Magazi sanatuluke, fupa silinathyoke, ndiye kwa anthu a kuno palibe chimene chinachitika.

Koma kuyambira tsiku limenelo anayamba kutsimphina. Akaponda ndi mwendo wamanzere chiuno chinkapendekera mbali inayo, ndipo kugonera mbali imeneyo kunkakanika. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawapatsa mapiritsi opha ululu. Achemwali a amuna athu, a Fainala, amene amadziwa matenda onse ngakhale sanaphunzire za udokotala, anagamula kuti ndi nyamakazi, ndipo nyamakazi imatha ndi ntchito. A Frazer anagula mankhwala opaka onunkha ngati mafuta a galimoto, n'kumawapaka akazi awo madzulo aliwonse mwakachetechete. Alamu angawa ndi munthu wabwino, koma ndi ofatsa mopitirira. Nkhuku ikalowa m'nyumba mwawo amachita kuipempha kuti ituluke, ndipo chibadwire sanawayankhepo achemwali awo.

Amene anatopa nazo ndi mwana wawo Chikhumbo, yemwe amagwira ntchito ku Lilongwe. Anamva kuti pachipatala china cha mafupa kumeneko kwabwera madokotala akunja ndi zipangizo zawo kudzathandizana ndi a kuno, ndipo anawalembetsa mayi ake. Tinanyamuka atatu m'mwezi wa Epulo, fodya atauma m'chigafa akudikira kusankhidwa. Ine ndinapita ngati gadiyani, a Frazer ngati onyamula chikwama.

Atawajambula m'makina aja olowetsamo munthu yense, tinaitanidwa kwa dokotala. Anali mayi wamng'ono, msinkhu wa Chikhumbo, dzina lake a Nthanda, wolankhula Chichewa chomveka bwino. Anawauza a Consolata kuti aime ndi mwendo wamanzere wokha, ndipo chiuno chinagwera mbali nthawi yomweyo mpaka ndinawagwira. Kenako dokotala anakunga chibakera n'kuchiphimba ndi dzanja linalo.

"Chibakerachi ndi fupa la m'mbali mwa chiuno, pamwamba pa ntchafu," anatero. "Dzanjali ndi mnofu umene umakugwirani kuti musapendekeke poyenda. Kwa inu, mayi, zala ziwiri zasiya kugwira. Mnofu unang'ambika pomwe umalumikizana ndi fupa. Si nyamakazi ayi."

A Consolata anandiyang'ana ine. Chaka chathunthu munthu akumva kuwawa, lero n'kumva wina akunena kuti sankanama. Ine mtima unandiwawa.

Dokotala anati njira zosokera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kucheka m'mbali mwa chiuno, bala lotalika ngati chikhatho, n'kuona mnofu ndi maso, kuukokera pamalo pake n'kuumangirira kufupa. Njira imeneyi ndi yakale, yodalirika, ndipo mnofu ukang'ambika kwambiri n'kuthawira kutali, ndiyo amagwiritsa ntchito. Koma bala lake limawawa, limachedwa kupola, ndipo kwa munthu wa shuga ngati a Consolata likhoza kutukusira. Njira yachiwiri ndi kuboola timabowo titatu tating'ono ngati nsonga ya chala. Pena amalowetsa kamera, penapo tizipangizo, n'kukhoma timisomali ta ulusi m'fupa, kusoka akuyang'ana pakanema. Zipangizo zake ndi zimene anabwera nazo alendo aja, ndipo mwezi ukatha abwerera nazo.

"Kung'ambika kwanu n'kwapakati, njira zonse ziwiri zitheka," anatero a Nthanda. "Ine ndikanakonda timabowo chifukwa cha shugayo. Koma mumvetse chinthu chimodzi. Kaya talowera pakhomo kaya pawindo, m'katimo ntchito ndi imodzi, ndipo mnofu umafuna miyezi itatu kuti ugwirenso fupa. Miyezi imeneyo muziyendera ndodo. Osasenza kanthu, osakhala pamphasa kapena pampando waufupi, osanjuta, osagwada. Ukang'ambikanso kusoka kachiwiri n'kovuta, ndipo mukhoza kutsimphina moyo wanu wonse."

A Frazer, amene chiyambire kumva mawu akuti kucheka anali akupotokola chipewa chawo, anapuma mpweya wautali. "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero akumwetulira. "Timabowo tomweto, adokotala. Zikomo kwambiri."

"Ndifunseko," anatero a Consolata. "Chipsera cha njira yoyambayo chimaoneka bwino?"

"Chimaoneka ndithu, mayi."

"Nanga cha timaboworo?"

"Pakapita nthawi mudzachita kufunafuna."

"Ndiye mundicheke bala lalikululo."

A Frazer anawayang'ana akazi awo ngati alankhula chilankhulo china. Dokotala anafunsa chifukwa, koma a Consolata anangoweramira pansi n'kumakonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale. A Nthanda sanawakakamize. Anati thupi ndi lawo, apite akapume, abwerenso dzuwa likapendeka.

Tinakakhala pamthunzi kunja kwa chipatala, pomwe amayi amagulitsa nthochi. Ndinagula nthochi koma palibe anadya. A Frazer anazungulirazungulira, kenako anakhala pamwala moyang'anana ndi akazi awo.

"Amake Chikhumbo, mwadana nalo chiyani thupi lanu?"

"Sindinadane nalo, bambo. Ndikulifunira mboni."

"Mboni ya chiyani?"

A Consolata anasenda nthochi imodzi n'kungoigwira m'manja. "Mukukumbukira pamene ndinabereka Chikhumbo ndi mpeni? Malemu apongozi anadzaona bala lija, anagwira pakamwa, n'kulamula kuti mtengwa asakhudze mtsuko kapena khasu. Ndinagona, ndinadya, ndinanenepa. Moyo wanga wonse ndinapumapo nthawi imeneyo yokha. Chiunochi chandiwawa chaka chonse, ndani anandiuza kuti khalani pansi? Anthu a kwanu amamvera chisoni chimene achiona. Ndikapita ndi timabowo titatu, achemwali anu adzabwera kudzaona, ndipo sabata isanathe ndidzakhala ndili chogwada ndi beseni. Ine kukana sindidziwa, inunso simudziwa. Ndiye lisiyeni bala litikanire."

Sanalankhule mokwiya ayi. Analankhula ngati akufotokoza mmene amaphikira thobwa, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka kwambiri.

"Koma shugayo," anatero a Frazer. "Mwamva dokotala."

"Ndamva."

"Mayi anga anawacheka bala lalikulu m'chipinda cha opaleshoni, sanatulukemo bwino."

"Amenewo anali matenda ena, bambo, komanso kale."

"Sankhani timabowo. Za kumudzi mundisiyire ine."

Ine ndinaseka, Mulungu andikhululukire, ndinalephera kudzigwira. A Consolata nawonso anamwetulira. "Mudzatani? Mudzawauza a Fainala kuti ayi?"

"Sindikudziwa chimene ndidzachite," anatero a Frazer. "Koma simudzagwada."

Manja awo anali akupotokolabe chipewa chija. A Consolata anawayang'ana manjawo nthawi yaitali, kenako anawapatsa nthochi ija. Dzuwa litapendeka anakawauza a Nthanda kuti asankha timabowo. Ine ndinakwiya, ndipo ndinawauza tili awiri kubafa kuti, "Akulu, mwagonjeranso. Simunawakhulupirire alamu, mwangowamvera chisoni." Iwo anati, "Nanga n'kulakwa?" Mkwiyo wanga sunathe.

Opaleshoni inayenda bwino. Patangopita masiku ochepa tinali kumudzi, a Consolata ali ndi ndodo ziwiri ndi timapulasitala titatu. Ndisawanamizire alamu anga, pa ntchito ya manja anachita zonse. Anatenga mpando wawo wa ndalema, umodzi wokhawo wabwino pakhomopo, n'kuukhomera matabwa kumiyendo kuti utalike monga ananenera dokotala. Anakhoma mpando wina woboola pakati n'kukauika kuchimbudzi. Bedi analikweza ndi njerwa. M'mawa uliwonse ankanyamula mpando uja n'kukauika pakhomo pa chigafa, kuti akazi awo aziona tikusankha fodya, chifukwa ankadziwa kuti kuwatsekera m'nyumba nthawi ya fodya n'kuwapha. Matabwa ndi misomali sizinawavutepo a Frazer. Chimene ine ndinkadikira kuona ndi pakamwa pawo.

A Fainala anabwera kudzazonda monga mwa mwambo, atanyamula nkhuku. Analowa kuchipinda ndi amayi ena awiri, n'kunena kuti, "Tione, mulamu." A Consolata anatsitsa chitenje. A Fainala anawerama, anayang'ana, anayang'ananso, kenako anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Mphini? Mwapita ku Lilongwe konse kuja kukatemera mphini? Bwenzi mutandiuza, pa Kapelula pompa pali amene amatema zoposa izi."

Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kutchalitchi. Ena ankati a Consolata sanapangidwe opaleshoni, madokotala anangowabaya jakisoni. Ena ankati pakhomo pa a Frazer pabwera kapitawo watsopano, amene amakhala pampando wautali mwamuna wake akusankha fodya pansi ngati tenanti. Aganyu athu omwe ankatsinana akamadutsa. A Frazer zonsezi ankazimva, ndipo ankangoweramira fodya wawo, tsamba lofiira uku, loyera uku, long'ambika uko.

A Consolata anayamba kuchita manyazi. Tsiku lina ndinawapeza atagwira tsache ndi dzanja limodzi, ndodo ili kukhwapa. Ndinawalanda tsachelo n'kuliponya padenga. Tsiku lina mkulu wa mpingo anadutsa, ndipo ndinaona thupi la a Consolata likutsetsereka lokha pampando asanaganize n'komwe. Mwamwayi bamboyo anali pachangu, anangokweza dzanja n'kupitirira. Ndinkachita mantha, ndinene zoona. Ndinkaona kuti ulusi wa a Nthanda sukapirira mudzi uno.

Kenako anabwera a Jeremiya, malume a amuna athu, ochokera ku Kapelula. Ndi nkhalamba yoseka bwino, maso anayamba kuchita khungu, ndipo ndi iwo anawalera a Frazer bambo awo atamwalira. Pabanja lonse palibe wamkulu kuposa iwo. Anafika masana Loweruka pa kabaza, a Fainala atawachingamira kumsewu n'kuwatsogolera molunjika kuchigafa kumene tinali tonse. Ine ndinali nditangophula maungu ndi mtedza wowiritsa wa aganyu.

Mpando unali umodzi, ndipo a Consolata anali atakhalapo. A Fainala anatsokomola. A Consolata anagwira ndodo zawo n'kuyamba kusendera kutsogolo.

"Khalani," anatero a Frazer.

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinaganiza kuti ndamva ndekha. Koma a Consolata anaima pomwepo, theka ali pampando theka ali m'malere. A Frazer anadzuka, anagubuduza belo la fodya lodinda kale, anayalapo chitenje, n'kuwagwira dzanja malume awo kuwakhazika. A Jeremiya analisisita belolo n'kunena kuti sanakhalirepo mpando wodula chonchi. Tinaseka tonse kupatula a Fainala.

Ndinathamanga kukatenga beseni ndi jagi kuti ndiwasambitse m'manja ndekha nkhani ithe. Koma ndisanagwade, a Fainala anandigwira paphewa.

"Iwe Olive, pano ndi pakhomo pako? Mwini nyumba alipo, maso ali gwa. Malume achoka ku Kapelula kudzaona iyeyu. Kapena ku Lilongweko anasokera kumodzi ndi mwambo womwe?"

Aganyu anasiya kusankha fodya. A Consolata anatambasula manja. "Bwera nalo kuno beseni, Olive," anatero motsitsa. "Kamodzi kokha sikangaphe munthu."

Ndinaima ndi beseni m'manja, osadziwa kolowera. Kuwapatsa kunali kuwapha chiuno, kuwakaniza kunali kuwachititsa manyazi pamaso pa malume. Ndinawayang'ana alamu anga a Frazer ndi diso limene ndikanakhala mfiti bwenzi atagwa. Anali chiimire, manja ali lende, pakamwa pakutseguka n'kutsekeka ngati nsomba. Ndinati mumtima, basi, zathera pomwepa.

Sanawayankhe achemwali awo. Mpaka lero sanawayankhepo. Anangobwera kwa ine, ananditenga beseni ndi jagi, anapita pamaso pa malume awo, n'kugwada.

Mwamuna wa imvi, mwini munda, mwini chigafa, kugwada m'fumbi la fodya aganyu ake akuona. Mawondo awo analira ngati nkhuni zouma. Anaika beseni pansi n'kukweza jagi ndi manja awiri.

"Malume, takulandirani," anatero. Mawu ankamveka mpaka kumapeto kwa chigafa. "Mawondo a amake Chikhumbo ndawasunga ine mpaka dokotala adzanene. Aliyense woyenera kugwadiridwa pakhomo pano, ndizimugwadira ndine."

"Achimwene, mukutichititsa manyazi," anatero a Fainala. "Dzukani."

A Frazer anayamba kuthira madzi. Ntchito imeneyi anali asanaigwirepo chibadwire, ndipo zinaonekeratu. Anakweza jagi m'mwamba kwambiri, madzi n'kuthovokera pa thalauza la malume ndi pa nsapato zomwe.

"Tsitsani jagiyo, bambo," anatero a Consolata ali pampando. Misozi inali ikutsika koma mawu anali a mphunzitsi. "Pafupi ndi manja. Pang'onopang'ono. Musayang'ane kumaso, yang'anani madziwo."

Anatsitsa. A Jeremiya anasamba mosafulumira, chala ndi chala, ngati pali phwando lalikulu kutsogolo osati maungu. Atamaliza sanachotse manja. Anagwira mutu wa a Frazer ndi manja onyowawo n'kuusisita, monga ayenera kuti ankachitira ali mwana. Kenako anatembenukira komwe kunali mawu a a Fainala.

"Fainala, panjira paja unandiuza kuti ndi mphini."

"Ndinaona ndi maso angawa, malume. Titatu, tating'onoting'ono."

"Maso ako ndi abwino, anga anatha," anatero a Jeremiya. "Koma mwana uyu ndinamulera ndine. Sanagwadirepo munthu kunja kwa tchalitchi. Bala limene lamugwaditsa lero ndaliona, ndipo ndi lalikulu ndithu. Mtengwa wathu asadzuke pampandopo. Amene akufuna madzi pakhomo pano akatunge yekha."

A Fainala anakhala pansi pamphasa pafupi ndi ine, anatenga dzungu n'kuyamba kulisenda mwaukali ngati ndilo lawalakwira. Patapita kanthawi anakankhira mbale ya mtedza kufupi ndi mpando, osayang'ana kumene akuikankhira.

A Frazer kudzuka kunawavuta. Anachita kugwira belo, ndipo mnyamata mmodzi wa ganyu atafuna kuseka, a Jeremiya anamufunsa ngati iye anayesapo. Alamu anga anakhuthula madzi a m'beseni patsinde pa mpapaya, anabwerera, n'kukhala pansi pambali pa mpando wa akazi awo, fumbi lili mbuu m'mawondo. A Consolata anatambasula dzanja kuti awasase, koma kuwerama kunali koletsedwa, ndiye dzanjalo linangofikira paphewa n'kukhala pomwepo.

Ine ndinali ndikugawa maungu, maso atadzaza misozi moti ndinampatsa wina kawiri. Nditakweza mutu ndinaona chinthu chimene sindinachionepo chibwerere ine m'mudzi muno. A Consolata anali atasendera m'mbuyo, ndodo ataziika pansi, msana wawo wonse utatsamira mpando.